Utsi wa pa Namikoko

Komponi ya pa mgodi, Joni
12 Meyi 1957

Okondedwa amake Emma,

Ndayamba ndi moni kwa inu, kwa mwana wathu Emma, kwa apongozi ndi kwa malume anu a Lenard. Ngati nonse mukudzuka bwino, ine mtima uli m'malo. Kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwafulumira chaka chino. Si kuzizira kwa chiperoni chathu kobwera ndi kamvula ayi. Kwa kuno n'kouma, kumang'amba milomo.

Kalata yanu ndinalandira Lachinayi. Ndisanaitsegule ndinayamba ndaima nayo pakhomo, chifukwa dzanja limene linalemba dzina langa pa envulopu silinali la aphunzitsi amene amakulemberani masiku onse. Aphunzitsi amalemba ngati nkhuku yapalasa. Ili ndi dzanja lodzikonda, zilembo zonse zopendekera mbali imodzi, A wa Alufeyo mpaka kumuikira mchira. Nditafika kumapeto ndi pamene ndinaona kuti wolemba ndi Thomson. Thomson wake uti? Yemwe uja tinali naye ku sukulu ya mishoni, amene ankakunyamulirani dengu pochokera ku msika wa Chitakale ine ndisanakufunsireni? Mukuti tsopano ndi kapitawo wa azungu amene akufuna miyala m'tsinde mwa phiri. Chabwino, wakwera. Koma m'mudzi monsemo wasowa wina wodziwa kugwira pensulo? Ndipo popeza ndi iyeyo amene akuwerengereni kalata ino, moni a Thomson. Muwerenge zonse, osalumpha mzere.

Za ngalande ndamva. Mukuti azunguwo akufuna kukumba maenje ndi kudutsitsa msewu wa malole m'mbali mwa dambo la Namikoko, koma madzi akuwasokoneza, ndiye akupempha kudula ngalande yodzera pa dimba lanu kuti madzi onse atsikire kumtsinje. Mukuti amayi akukana. Ine ndikuti aloleni akumbe. Dambo limenelo latipatsa chiyani kupatula udzudzu ndi misundu? Dothi lake lakuda lija, lomira mpaka m'mawondo, likangouma tidzalima chimanga kufika pakati penipeni pamene pano pali bango lokhalokha. Ntchito yanga kuno ndi ya madzi omwewo. Ndimayang'anira mapampu pansi pa mgodi, amakoka madzi osapuma, ndipo sindinamvepo kuti munthu wafa chifukwa choti pansi pauma. Muwauze amayi kuti mkamwini wawo waona dziko, asachite mantha.

Kandalama ndatumiza ku positi ya pa Boma. Mumugulire Emma juzi kuzizira kusanafike, ndipo mupeze munthu akonze denga la khitchini udzu ukayamba kupezeka. Makaka a chinangwa muyanike ochuluka. Nsalu yanu ndagula, ya maluwa obiriwira, koma sinditumiza. Ndidzabwera nayo ndekha, mungayambe kuivalira ena.

Ndine mwamuna wanu,
Alufeyo

30 Juni 1957

Okondedwa amake Emma,

Moni nonse kumeneko. Ndakondwa kumva kuti Emma wayamba kuthamanga ndipo akutchula mayina a nkhuku zonse. Nanga dzina la bambo ake akulitchula? Ine ndili bwino. Khutu lakumanzere likulira pang'ono chifukwa cha phokoso la mapampu, koma lakumanja likumva zonse, ngakhale zochokera kutali.

Sabata yathayi kwafika anyamata atsopano, ndipo pakati pawo pali Simon wa ku Muloza, amene anadzera kwanuko potsanzika achibale. Wandiuza kuti ngalande itangofika kumtsinje, madzi a pa Namikoko anatsika masiku asanu ndi anayi, akuda bii, ana akutola milamba ndi manja m'matope. Akuti tsopano munthu akudutsa pakati pa dambo osavula nsapato. Mwaona? Ndinanena ine. Izi zonse n'zabwino.

Koma Simon ali ndi maso awiri. Akuti anaonanso njinga yatsopano, ya belu lonyezimira, itatsamira mtengo wa mango wa pakhomo pathu. Ndinamufunsa kuti mwina inali ya a sitolo. Anangoseka n'kuyamba kufunsa mtengo wa fodya kuno. Inu m'kalata mwanu mukuti chitsime cha kudimba chaphwa ngalande ija itakumbidwa, ndipo a Thomson akuchita chifundo, akumatumiza diramu ya madzi pa lole ya kampani. Chifundo chimenecho chikufika makomo angati? Kwa amayi a Rosie, amene ali ndi ana asanu ndipo mwamuna anamwalira, diramu ikufikako? Kapena lole imangodziwa njira ya kwa mkazi amene mwamuna wake ali ku Joni?

Sindibisa, nsanje yandigwira, ndipo sindichita nayo manyazi. Ndinakukwatirani ine. Ndinalimira amayi anu munda zaka ziwiri, manja mpaka matuza, Thomson ali pa khonde la sukulu kuphunzira kulemba michira. Lero ine ndili pansi pa nthaka kumene kulibe dzuwa, iye ali pa mango anga kuliza belu. Madzi muzikatunga kumtsinje ngati akazi anzanu, ngakhale kuli kutali. Ndipo kalata yotsatira akulembereni mayi Millie, akazi a aphunzitsi. Dzanja la Thomson ndisadzalionenso.

Kuno kunachitika kanthu pa shafuti yotsikira pansi pa mgodi Lachiwiri. Anzathu awiri a m'chipinda mwathu sanabwerere, mabulangete awo apindidwa ndipo atengedwa ndi a ofesi. Sindilemba zambiri, musawauze amayi. Ine ndinali mbali ina.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale abwere ndi mtengo wabwino. Nandolo akakhwima musungeko wa mbewu.

Mwamuna wanu, amene sanafe,
Alufeyo

18 Ogasiti 1957

Amake Emma,

Moni. Ndalandira kalata yanu ya dzanja la mayi Millie, ndipo ndathokoza kuti pamenepo mwandimvera. Ine ndili bwino. Koma za chifuwa cha Emma zandidetsa nkhawa. Mumuveke juzi ija m'mawa, ndipo mumuphikire madzi a mandimu.

Tsopano nkhani ya motoyi mundifotokozerenso, chifukwa ine siikundilowa m'mutu. Mukuti osaka mbewa anatentha udzu wa m'mbali mwa Namikoko monga amachitira chaka chilichonse. Zimenezo ndikuzidziwa. Moto umathamanga tsiku limodzi, ukafika ponyowa umazima wokha. Koma inu mukuti udzu unatha kupsa masabata atatu apitawo, malawi palibe, koma pansi pakufukabe utsi, ndipo mphepo ikachokera kuphiri utsiwo umadzagona pamudzi osachoka. Mukuti dothi lenilenilo ndi limene likupsa. Amake Emma, ine ndakula ndi khasu m'manja. Dothi amaumbira mbiya n'kuiika pamoto tsiku lonse, ndipo siyaka. Amene wakuuzani kuti dothi likuyaka ndani? Ndikumudziwa.

Si iyeyo kodi amene wabwera ndi nzeru yoti mutenge mwana mupite mukakhale kwa mlongo wake ku Likhubula mpaka utsi utatha? Nzeru yake ndaiona, ndi yokongola ngati zilembo zake. Choyamba anaumitsa chitsime kuti azibweretsa madzi. Tsopano wapeza utsi kuti akusamutseni. Mawa adzapeza chiyani? Ku Likhubula kumene iye amagona Loweruka lililonse, kumene kulibe amayi anu, kulibe malume, kuli ocheka matabwa okhaokha amene sadziwa kuti ndinu mkazi wa yani!

Ndikukana. Mwana wanga sachoka pakhomo. Inunso simuchoka. Utsi tinakulira momwemo tonsefe, m'khitchini za amayi athu, ndipo tili moyo. Ngati ukuvuta, tsekani chitseko, muike chiguduli pansi pake. Ndikamva kuti mwapondako ku Likhubula, ngakhale kukagula mchere, mudziwe kuti mwasankha.

Mwandikwiyitsa mpaka ndaiwala zina zimene ndinafuna kulemba. Chimanga cha kudimba mukuti chafota chisanamasule. Musadandaule, chaka choyamba nthaka imayamba yazolowera. Kapitawo wathu wasinthidwa, amene wabwerayu dzanja lake n'lofulumira, koma ine ndimadziwa pokhala. Simon akupereka moni. Akuti sanazolowere kudya nyemba za kuno zopanda kalongonda wa kwathu pambali.

Ndine,
Alufeyo

15 Sepitembala 1957

Esteri,

Lero sindikutcha amake Emma, ndakutchula dzina lako. Moni ndikupereka kwa mwana wanga ndi kwa apongozi. Za umoyo wanga usafunse.

Kalata yako ndaiwerenga katatu. Ukuti Emma akutsokomola mpaka kusanza, waonda, masaya atupa, maso afiira, ndipo akapuma m'chifuwa mukulira. Ukuti mankhwala a botolo a ku chipatala amwa onse koma sizikusintha. Ndinakhala pansi ndi madala awiri a kwathu amene ali m'komponi muno, wina wa ku Phalombe, wina wa kwa Mabuka. Sindinatchule dzina la munthu. Ndinangoti, mwana akatsokomola chotere, akatupa chotere, bambo ake ali kutali chaka ndi miyezi, ndi matenda anji? Onse awiri anayang'ana pansi. Kenako wa ku Phalombe anati, "Achimwene, musatifunse zimene mukuzidziwa kale. Limenelo ndi tsempho."

Iwe ukudziwa mwambo kuposa ine, anakulangiza ndi amayi ako omwe. Mkazi amene mwamuna wake ali paulendo amakhala wozizira, amathira mchere m'ndiwo popanda vuto. Koma akagona ndi mwamuna wina watentha, ndipo akathira mchere ndi dzanja lomwelo, mwana akadya, wamusempha. Chifuwa, kutupa, kuonda. Palibe chimene chasowapo. Ndipo iwe ukundilembera za utsi! Utsi umasankha mwana wa Alufeyo yekha? Ukuti ana ena akutsokomolanso. Ana amatsokomola chaka chilichonse nyengo ya fumbi, koma satupa masaya.

Wandiyenda pansi, Esteri. Ndikatseka maso ndikuona njinga ija pa mango. Ndikuona iwe ukuseka kuseka kuja kophimba pakamwa ndi nsonga ya nsalu, kumene ndinkayesa kuti n'kwa ine ndekha. Ndikanakhala ndi mapiko bwenzi pano tikulankhula zina.

Koma za ine ndi iwe zidikire. Mwana asafe chifukwa cha manyazi ako. Tsempho silimva mankhwala a botolo, ndipo ngakhale a sing'anga sagwira ntchito wolakwa asanaulule. Upite kwa amayi akuluakulu a pamudzi, uvomere, utchule dzina la mwamunayo, kenako amupangire mwana mankhwala. Ukakana, ndipo mwanayo n'kutisiya, udzakhala wamupha ndiwe, ndipo ndidzanena zimenezo pamanda pomwe, anthu onse akumva.

Ndalemberanso malume ako a Lenard, monga nkhoswe, ndi mkulu wanga Hudson. Makalata onse atatu anyamuka limodzi, kuti usati sunamve. Mayi Millie, pepani kuti pakamwa panu padutsa mawu otere, koma muwerenge onse.

Alufeyo

6 Okutobala 1957

Okondedwa amake Emma,

Moni, moni, ndipo Mulungu athandize kuti kalata ino ithamange kuposa inzake ija. Emma ali bwanji? Inu muli bwanji? Ngati simunapite kwa amayi akuluakulu, musapite. Ngati malume aitanitsa bwalo, muwauze adikire. Ndalakwa ine.

Mverani zimene ndaona ndi maso angawa. Lero Lamulungu masana ndinapita ndi Simon ku lokeshoni ya kuseri kwa mgodi kukasoketsa buluku. Njira yake imadutsa pa dambo lalikulu. Amene anafika kuno kale amati linali la bango ndi abakha, koma chiyambire mgodi kukoka madzi pansi, akasupe ake anaphwa. Mapampu ake ndi omwe aja ndimawathira mafuta ine. Mwezi wathawu moto wa tchire unadutsapo, ife osalabadira. Lero tapeza dambo lonse likufuka. Malawi palibe, udzu palibe, koma utsi ukutuluka m'ming'alu, woyera, wonunkha ngati chiguduli chonyowa chikamapsa. Simon anabaya pansi ndi ndodo. Inalowa mosavuta mpaka theka, ndipo poizula nsonga yake inali ikuyaka. Patsogolo pang'ono tinapeza anthu akukoka ng'ombe imene inaponda pooneka pouma n'kumira m'phulusa la moto mpaka m'mimba. Sindifuna kulemba mmene miyendo yake inalili.

Titalowa mu lokeshoni ndinamva chifuwa. Nyumba iyi mwana akutsokomola, iyo mwana akutsokomola, maso ofiira, zikope zotupa. Ndinaima pakati pa msewu ngati chitsiru. Ndinadzifunsa kuti, kodi amayi onsewa asempha ana awo mwezi umodzi?

Pobwerera ndinadzera kwa bambo wina wa ku Zomba amene amagwira ntchito pa chipatala cha mgodi. Anandiuza kuti dothi lakuda la m'dambo si dothi ngati la kumunda. Ndi bango, mizu ndi udzu wa zaka zosawerengeka, zimene zinagwera m'madzi osaola bwinobwino. Madzi akakhalapo, palibe vuto. Mukawachotsa, mwayanika nkhuni. Moto ukalowamo umayenda pansi miyezi, mvula yochepa siuzimitsa, ndipo utsi wake ndi woipa kwa ana kuposa wa m'khitchini chifukwa suleka, mwana amaupuma kudzuka ndi kugona komwe. Ndinamufunsa za masaya otupa. Anati mwana amene sakudya chifukwa cha chifuwa, ndiwo zakudimba kulibe, atupa basi. Ndinafunsa mankhwala. Anati, "Mankhwala ake ndi miyendo, bambo. Mwanayo achoke pamenepo."

Choncho nyamukani. Pitani kwa azakhali anga ku Chitakale. Ngati kumeneko malo palibe, pitani ngakhale ku Likhubula komweko. Ndalemba ndi dzanja langa, ngakhale cholembera chikulemera. Ndipo malume asonkhanitse amuna atseke ngalande ija ndi miyala ndi dothi la pachulu, m'malo atatu kapena anayi, kuti mvula ikabwera madzi aime m'dambo. Azungu akalusa, alusire ine. Ndine ndinati ikumbidwe, apongozi akukana.

Munandiuza zoona kuyambira mu Ogasiti. Ndiyankheni msanga, ngakhale mzere umodzi.

Mwamuna wanu,
Alufeyo

3 Novembala 1957

Okondedwa amake Emma,

Moni kwa inu ndi kwa mwana. Ine thupi lili bwino.

Makalata awiri afika tsiku limodzi, ya malume a Lenard ndi yanu. Ndinayamba ya malume. Akuti kalata yanga ya mu Okutobala inafika patapita masiku asanu chichitikireni bwalo. Akuti munapita nokha kwa amayi akuluakulu, Emma ali kumsana, munagwada n'kunena kuti, "Ndavomera. Ndi a Thomson. Mpatseni mwanayu mankhwala." Akuti Thomson ataitanidwa anakana, analumbira atagwira Baibulo, analira misozi pamaso pa anthu, koma ndani akanamumvera mkazi atavomera kale? Anamulipiritsa mbuzi, ndipo ku mpingo amuimitsa.

Ndikuuzeni zoona, popeza mabodza atikwana. Nditawerenga pamenepo magazi anandithamangira kumutu. Ndinaiwala dambo, ndinaiwala ng'ombe ija, ndinati, ehe, si izi! Ndinatuluka panja ndikuyankhula ndekha. Ndinakondwa, amake Emma. Mwamuna kukondwa kuti mkazi wake wavomera chigololo, chifukwa choti iye asakhale wolakwa. Kenako ndinatsegula yanu.

Mayi Millie alemba mawu anu mmene munawanenera, ndawamva ndi mawu anu enieni. "Munati ndivomere kuti mwana achire. Ine mwana ndimamufuna. Ndinati kaya, mwina mankhwalawo agwira ngakhale pa bodza. Ndavomera chinthu chimene sindinachite, ndaipitsa munthu amene sanandigwirepo ngakhale dzanja. Mankhwala wamwa, sanachire. Lero mukuti ndi utsi. Nanga ine muja ndinkati chiyani?"

Ndawerenga mpaka pepala lafewa m'mopinda. Ine amene ndimapita ku lokeshoni Lamulungu ndi Lamulungu, ndipo si buluku lokha limene limandipititsako, ndine ndinakhala pansi ndi madala kuweruza inu.

Komabe zikhoza kukonzeka. Bwererani kwa amayi akuluakulu mukanene kuti munanama chifukwa cha mantha. Muwaonetse kalata yanga ija, mayi Millie awawerengere za dambo la kuno. Hudson ndamulembera kuti atenge mbuzi yathu yaikazi akapereke kwa Thomson, ndi mawu anga opepesa. Onani pamene ndafika, ine kupepesa Thomson.

Koma chimene sindikumvetsa ndi ichi. Malume akuti mudakali pamudzi, ndipo utsi wakula ndi kutentha kwa mwezi uno, nkhuku zikufa, apongozi nawonso ayamba chifuwa. Akuti kwa azakhali ku Chitakale anakubwezani chifukwa cha mbiri imene yamveka. Mbiri yake ndinaipanga ndine. Ndiye pitani kulikonse kumene angakulandireni, musadikirenso chilolezo changa. Chokhacho, ngati ndi ku Likhubula, mupite ndi amayi, ndipo mukagone nyumba imodzi ndi amayi. Pepani, ndayesa kuti ndisalembe zimenezi koma dzanja lakana.

Ndine mwamuna wanu ndithu,
Alufeyo

19 Januwale 1958

Kwa amake Emma,

Moni wa chaka chatsopano kwa inu ndi onse a pakhomo pamene mulipo. Ine ndili moyo, ndikugwira ntchito. Ndakhala miyezi yoposa iwiri osalandira kalata, ndipo ya mkulu wanga Hudson itafika ndinamvetsa chifukwa chake.

Choyamba ndithokoze. Hudson akuti anakuonani ku Likhubula pa Khirisimasi, ndipo Emma anamuthamangira, masaya abwerera, chifuwa chatha, akudya mpaka kulanda za ana anzake. Akuti chinatha patangopita masabata atatu chichokereni pamudzi, popanda botolo, popanda muzu. Nditawerenga pamenepo ndinalira, Simon akuona, ndipo sindinabise nkhope.

Zinazo ndamvanso. Akuti Thomson anakana mbuzi yanga. Anati dzina lake laipa kale, mlandu walipira kale, ndiye palibe chimene angaopenso, koma mwana asafere mu utsi anthu akuyang'ana. Anabwera ndi lole masana dzuwa lili pamutu, mudzi wonse ukuona, n'kukukwezani inu, Emma ndi apongozi. Akuti kwa amayi akuluakulu munakana kubwererako. Munati, "Ndinanena zoona miyezi iwiri, palibe anandimvera. Ndinanama tsiku limodzi, onse anakhulupirira. Ndikapitenso kukatani?" Ndipo akuti ankhoswe atakhala pansi munanena nokha kuti banja ndi Alufeyo latha, ndipo a Thomson afunsira mwaulemu, mudzalowana mukakolola.

Ndinafuna kulemba kuti, mwaona, ndinanena ine. Ndinalembadi, pepala limenelo ndang'amba. Mu Meyi munalibe kanthu ndi munthu ameneyo. Mu Sepitembala munalibe kanthu. Ndinamutenga ndine, ndi manja angawa, kumuika pakhomo panu, n'kutsekera zitseko zina zonse. Nsanje sinandichoke, musaganize kuti ndasanduka mngelo. Ndikaganiza kuti Emma adzamuitana kuti bambo, ndimamutukwana chamumtima. Ndikaganiza kuti azidzakuwerengerani makalata anga atakhala pa mpando wake, inu muli pambali, ndimafuna kuluma cholembera. A Thomson, ngati ndinu mukuwerenga, sindikukondani. Koma mwana wanga akupuma chifukwa cha inu, ndipo zimenezo ndazilemba kuti zikhale.

Za kumudzi Hudson akuti azungu anapakira zida zawo mu Disembala, miyala sinawakomere, ngalande anaisiya chomwecho. Amuna anaitseka m'malo awiri koma madzi oyamba anagumula malo amodzi. Pamene panali dimba lanu patitimira mpaka m'chiuno, ndi dzenje la phulusa ndi madzi akuda. Ndipo akuti ngakhale mvula yagwa chotere, kumtunda kwa dambo kukufukabe dzuwa likawala masiku awiri. Bambo wa ku chipatala uja akuti zikhoza kutero mpaka chilimwe china ngati madzi saima. Muwauze malume asatope, atsekenso, aike mitengo kumbuyo kwa miyala. Ndikabwera ndidzagwira nawo, ngakhale pamudzipo sindilinso mkamwini.

Kontirakiti ikutha mu Epulo. Tsopano mumve bwino, chifukwa ine ndikudzidziwa. Ndikadzafika kwa Hudson ndidzayamba kudzikuza. Ndidzatuma uthenga woti mwana abwere naye kumudzi kwa malume ndidzamuonere kumeneko, chifukwa phazi langa silingaponde pabwalo la Thomson. Ndidzakalipa, ndidzatchula ankhoswe, mwina ndidzatchula ndi khoti lomwe. Ngati pa Namikoko padzakhale pakufukabe, ngakhale pang'ono, musadzandimvere. Mwandimvera kokwanira. Mudzangondisiya ndikalipe masiku awiri. Tsiku lachitatu ndidzakwera ndekha ku Likhubula, ndidzaodira pakhomo pa Thomson ngati mlendo wina aliyense, ndipo akadzanditulutsira mpando ndidzakhala.

Ndine bambo wa Emma,
Alufeyo